Adyo ndi Mpungabwi wa Asiyatu

Anthu a ku Lirangwe amaiwala msanga, ndipo amaiwala dala. Lero aliyense akuti ankamudziwa Asiyatu, ankacheza kwawo. Bodza. M'ma 1976 munthu akamuona akuchokera kudimba ankapatuka njira.

Mlandu unali wa mwamuna wake, Che Majidu, telala wa pamsika, amene anatenga kansanza ka nsalu ya Chipani n'kuika chigamba kumbuyo kwa buluku la munthu. Anamutenga. Anakhala m'ndende zaka zitatu osaimapo pabwalo la milandu, ndipo anabwera m'mwezi wa Juni, chiperoni chili pakati, ali mafupa okhaokha, osalankhula.

Kusalankhulako kunali kwabwinoko. Munthuyo sankadya. Kundende ankawapatsa nyemba zofumbwa zosambira m'madzi, ndiye chilichonse chowiritsa, kaya mpiru kaya nkhuku, akangomva fungo lake ankathamangira kuseri kukasanza. Asiyatu anaona kuti mwamuna amene ndende inamubweza wamoyo adzafera pamkeka wa kwawo.

"Bambo a Zaituni, ndikuphikireni chiyani?"

Che Majidu ankangoyang'ana khoma.

Ntchito ya Asiyatu inali yophika zigumu zogulitsa pamsewu, mumphika wachitsulo, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Tsiku lina akuphula chigumu anazindikira kuti fungo limeneli lokha mwamuna wake sankalithawa. Anasiya zigumuzo. Anatenga dzungu louma bwino pansi pa nkhokwe, mbatata, karoti ndi anyezi wa kudimba, n'kuzidula zibenthu zikuluzikulu. Adyo anamusinja ndi mchere, nathira mafuta pang'ono. Kenaka anathyola mpungabwi kuseri kwa nyumba, tsamba lija anthu amakupiza nalo m'nyumba pothamangitsa udzudzu.

Mwanahamisi, mchemwali wa Che Majidu, anasuzumira pampanda.

"Mlamu, mpungabwi m'ndiwo? Achimwene alowa udzudzu m'mimba?"

"Mwaikumbukira njira lero? Zaka zitatu simunapondepo pano."

"Ee, musandilume. Nanga madzi muthira liti?"

"Ngakhale dontho."

"Zipserera zimenezo!"

"Zipserere."

Anavundikira, nayala makala pamwamba. Mphika unali zii, osabwata, osatulutsa nthunzi, kungothetheka pang'ono ngati ukunong'ona. Kenaka fungo linadzuka. Amene sanalimve asanamize anthu. Adyo anasiya ukali wake n'kukhala wofatsa, dzungu linanunkhira ngati nzimbe yowotcha, mpungabwi n'kumabwera pambuyo pake pang'onopang'ono. Mwanahamisi anasiya kuseka.

Chitseko chinalira. Che Majidu anatuluka atagwira khoma, bulangete lili paphewa, nabwera kudzanjuta pafupi ndi moto. Asiyatu anafuna kuwayalira mkeka, koma anaopa kuwadzidzimutsa. Anangokankha makala, n'kuvundukula. Zibenthu zinali zitafiira, m'mphepete mutada, karoti atakwinyika, anyezi atasungunuka n'kumata pansi.

Mwamunayo anayang'ana nthawi yaitali. Ankafunafuna madzi. Munalibe.

"Bisimila," anatero, kutchula dzina la Mulungu asanadye. Liwu loyamba chibwerere.

Anatola dzungu ndi zala, likumuwotcha, nadya. Anatolanso mbatata. Akazi awiri aja anaima chilili, kudikira kuti athamangire kuseri. Sanapite. Anadya mpaka kukanda anyezi wa pansi ndi chikhadabo, kenaka anatembenuka.

"Mayi a Zaituni, mchere wachepa."

Asiyatu anakhala pansi pafumbi, akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

Zaka zitapita, ndiwo imeneyi inkapezeka pa sadaka iliyonse ya ku Lirangwe, pambali pa mpunga ndi mbuzi, ndipo inkatha mbuzi isanathe. Omwe aja ankapatuka njira ndiwo anali oyamba kutambasula mbale, opanda ndi manyazi omwe. Asiyatu ankawagawira osanenapo kanthu, chimene ambirife sitikanatha. Koma zibenthu zapansi, zopserera m'mphepete, ankaziika padera m'kambale kofiira. Che Majidu anadya m'kambale kameneko nyengo yozizira iliyonse, kufikira tsitsi lawo linayera mbuu, ndipo mchere sunawakwanepo ndi tsiku limodzi lomwe.