Ndinatuma Mnzanga Kukanditolera Sipanala

Inu owerenga, ine ndinataya mwayi umene ndinkaulota kuyambira ndili kamtsikana chifukwa cha chithunzi. Palibe anandibera, palibe anandilodza. Ndinatuma mnzanga kuti akanditolere chinthu chimene chinkafuna dzanja langa. Ndikulemba izi mtima uli m'mwamba ndi chimwemwe, chifukwa Loweruka likubwerali mwambo womwewo uchitikanso ndipo ine ndikakhalapo, koma sindikufuna kuti mwana wina akapunthwe pamene ndinapunthwa ine.

Sekondale yathu ndi yoyendera, ili m'mapiri cha ku Matandani, ndipo njerwa zake anaumba ndi makolo athu. Makolo omwewo anaona kuti ana akalemba mayeso a Fomu 4 amangokhala podikira zotsatira. Anyamata amathera pa bawo, atsikana amapezeka akwatiwa zotsatira zisanatuluke n'komwe. Ndiye anayambitsa mwambo umene timangoutchula kuti mkeka. Pa tsiku lotsanzikana ndi a Fomu 4, zolankhula zikatha, amayala mkeka pakati pa bwalo, ndipo munthu aliyense waluso amene ali wokonzeka kuphunzitsa mwana amaikapo chida chake. Telala amaika tepi, kalipentala amaika sowo, mlimi wa njuchi amaika chipewa chake chaukonde chija. Wophunzira akatola chida, mwini wake amamutenga akangomaliza mayeso, n'kumuphunzitsa ntchitoyo mwaulere. Atsikana ndi amene amayamba kutola. Lamulo lake ndi limodzi basi: amene dzanja lake latola chida ndiye amene wapeza malowo. Analikhwimitsa chonchi chifukwa poyamba makolo ena ankapita kuseri kukapemphera ana awo malo, mpaka anthu kudana.

Ine mtima wanga unali pa njinga zamoto. Amalume anga ankayendetsa kabaza, ndipo njinga yawo ikavuta ine ndinali woyamba kugwada pambali pawo, kutsuka pulagi ndi kuthira oyilo pa tcheni. Amayi anatopa n'kundikalipira za madiresi akuda ndi girizi. Njinga ikamakwera chitunda cha kusukulu, ndinkadziwa kuti ndi ya uje ndisanaione, pongomva kulira kwake. Anzanga ankanditcha kuti Injini, ndipo ine dzinali ndinkalikonda kuposa la ubatizo.

Tsono taganizirani mmene ndinalumphira titamva kuti chaka chimenecho a Shaibu adzaika sipanala pa mkeka. A Shaibu ndi makaniko wa njinga zamoto wa pa Zalewa, amene mwana wawo anaphunzirapo pa sukulu yathu. Anali asanaikepo chida chaka china chilichonse. Anati malo ndi amodzi, ndipo ngati atatola mtsikana, akazi awo adzamusunga m'nyumba mwawo ngati mwana wawo. Ine pa Zalewa, pamsewu wa tala, manja ali m'injini tsiku lonse! Ndinauza aliyense, ngakhale amene sanandifunse, kuti sipanalayo ndi yanga. Mpaka aphunzitsi a masamu ankandiseka kuti ndiyambe ndakhoza kaye mayeso.

Tsikulo linafika m'nyengo yozizira, manachesi atapsa. Ndinavala gawuni ndi chipewa chake chamakona, nsapato zazitali zobwereka kwa alamu anga, tsitsi nditaluka la nambala wani. Kuyenda kwake kunali kovuta, koma ndani akanandiuza kanthu? Kwaya inaimba, amayi anga analulutira mpaka mawu kusasa, ndipo ndinawaona a Shaibu atakhala kutsogolo ndi kachipewa kawo koyera, sipanala ili pamiyendo.

Kenako kunamveka kunong'onezana kuti wojambula zithunzi amene anachokera kuboma akunyamuka, chifukwa ankathamangira mwambo wina. Gawuni inali yobweza tsiku lomwelo. Ndinaganiza kuti kodi ine, mwana woyamba m'banja mwathu kufika Fomu 4, ndikhale wopanda chithunzi cha gawuni? Mlendo wolemekezeka anali akulankhulabe, ndipo mmene ankatsegulira mapepala ake, ndinaona ngati dzuwa lilowa asanamalize. Ndinamukodola mnzanga Tadala, amene tinkakhala desiki limodzi.

“Iwe, ndikupita kukajambulitsa. Belu la mkeka likalira ndisanabwere, unditolere sipanala, anyamatawa asaiyandikire.”

“Nanga lamulo lija?” anandifunsa.

“Aaa, sukulu yonse ikudziwa kuti ndi yanga. Ungondigwirira basi.”

Lamulolo ndinkalidziwa bwino lomwe, inu owerenga. Kungoti ndinkaona ngati analiikira anthu ena, osati ine Injini.

Wojambula anaima kumbali kwa kalasi yathu, pamene pali maluwa. Ndinaima chonchi, n'kuimanso chonchi, dzanja m'chiuno, kenako chipewa m'manja. Ndinamva belu, ndinamvanso nthungululu, koma wojambula anati ndisagwedezeke, ndimwetulire. Ndinamwetulira ndithu mano onse pamtunda.

Pobwerera ndinathamanga nsapato zili m'manja. Ndinapeza a Shaibu akugwirana chanza ndi Tadala pamaso pa khamu lonse, sipanala ili m'dzanja lake. Tadala atandiona anayamba kufotokoza mwachibwibwi kuti anangonditolera ine. Ndinagwada pamaso pa a Shaibu gawuni ili m'fumbi, n'kuwauza za pulagi, za tcheni, za amalume anga, zonse nthawi imodzi. Iwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Mwana wanga, mbiri yako ndinaimva, ndipo ndimayembekezera iweyo,” anatero mofatsa. “Koma ine pano ndine mlendo. Ndalonjeza pamaso pa makolowa kuti nditenga dzanja limene latola. Ndikasintha lero, mawa mkekawu watha ntchito, eti?”

Apampando a komiti ya makolo anavomereza. Tadala analira, nati aibweza pa mkeka. Anamuuza kuti akhoza kubweza, koma nthawi ya atsikana yatha, ndipo anyamata anali ataimirira kale maso ali pa sipanalayo. Ndinamuuza kuti aisunge. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti iyeyo ankafuna tepi ya telala, ndipo tepiyo anali atatola wina. Kutuma kwanga kunalanda anthu awiri zimene ankafuna.

Anyamata atamaliza, pa mkeka panatsala kampeni kamodzi kakang'ono. Kanali ka a Nachisale, mayi wamasiye wa kumtunda kwa mudzi wathu amene ali ndi nazale ya mitengo ya zipatso. Palibe anakafuna, chifukwa tonse tinkati sitinavale gawuni kuti tikasewere ndi dothi. Apampando anati chida chotsala angatole aliyense amene alibe. Ndinakatola misozi ikugwera pa mkeka, ndipo a Nachisale analulutira okha ngati apata mpongozi.

Titamaliza mayeso, Tadala anakwera njinga kupita ku Zalewa, ine ndinakwera phiri wapansi. Ndinali ndi mkwiyo woopsa. Foni yake sindinkayankha, ngakhale ndinkadziwa kuti wolakwa ndine. A Nachisale sanandinyengerere. Anatenga mpeni uja n'kundionetsa kumezanitsa, kutanthauza kudula kanthambi ka nachesi wabwino n'kukalumikiza pa mbande ya ndimu, kenako kumanga ndi kapulasitiki. Zoyamba zanga zonse zinauma. Iwo ankangoseka, amvekere manja anga akuganizabe za mabawuti.

Koma m'mawa wina ndinapeza kanthambi kamene ndinamanga ndekha kataphukira timasamba tiwiri tobiriwira. Abale, ndinakuwa mpaka nkhuku za a Nachisale zinabalalika. Ndinanyamula chubu cha mbandeyo n'kuzungulira nacho mudzi wonse, kuonetsa aliyense. Tsiku lomwelo ndinamuimbira Tadala kumupepesa. Anandiyankha ali pansi pa njinga, akuseka, akuti tsopano amatha kumasula injini yonse n'kuibwezera, iye amene kale ankatseka maso akakwera kabaza.

Zotsatira zitatuluka ndinakhoza, koma osati mofika ku yunivesite. Mpeni uja ndi umene wandisunga. Lero ndili ndi nazale yangayanga, mbande zanga zafika mpaka ku Luwani, ndipo ndimazinyamula pa njinga yamoto yakale imene ndinagula. Ikavuta kwambiri ndimapita nayo pa Zalewa kwa Tadala, amene a Shaibu amamusiyira galaja akachoka. Ndimakhala pa benchi n'kumamuyang'ana akugwira ntchito imene ndinkailota ine. Sindikunamizani, manja amandiyabwa, ndipo mpaka pano zimandipweteka.

Tsono nkhani imene yandisowetsa tulo ndi chimwemwe ndi iyi. Komiti yatiitana tonse awiri kuti Loweruka tikaike zida zathu pa mkeka. Ine ndikaika mpeni, Tadala akaika sipanala m'malo mwa a Shaibu. Mpeniwo ndaunola kale kangapo, chitenje chatsopano ndasoketsa, ndipo amayi ayamba kale kuyeserera nthungululu.

Ana anga a Fomu 4, kaya kwanuko kuli mkeka kaya kulibe, makolo, aphunzitsi ndi amene anaphunzira kale pa sukulu yanu amakhala atakukonzerani kenakake pa tsiku lotsanzikana. Ena amafuna wowathandiza m'shopu, ena amafuna woti amuphunzitse luso. Khalani pamalo panu mpaka mwambo uthe, ngakhale mlendo wolemekezeka atalankhula mpaka njala. Chimene mukuchifuna kachitoleni nokha, musatume munthu, ngakhale mnzanu wapamtima. Ndipo chimene chatsala pa mkeka musachinyoze.

Chithunzi chija chinatuluka bwino kwambiri, ndipo amayi anachipachika pabalaza. Alendo amati ndinatchena, ndipo n'zoona. Koma ine ndikachiyang'ana sindiona gawuni. Kumbuyo kwa phewa langa, patali pang'ono, bwalo likuoneka, ndipo pali mtsikana atawerama pa mkeka dzanja litatambasuka. Ndi Tadala akutola sipanala yanga, ine ndikumwetulira.