Ma Loweruka a a Dykstra

A Merle Dykstra anayendetsa basi ya ana asukulu m'tauni yathu ino ya ku Michigan zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atapuma pantchito, pakamwa pawo sipanapume. Munthu wozolowera kupereka moni kwa ana makumi asanu m'mawa uliwonse sangakhale phee m'nyumba yekhayekha.

Chisanu chitangotha anatsegula galaja lawo n'kuyala katundu wakale pamatebulo, monga timachitira tonse kamodzi pachaka: mbale, nyale, masipanala, majekete. Koma iwo anatsegulanso Loweruka lotsatira, ndi linalo. Katundu wawo atatha anayamba kugula wa ena. Ndinawaona ndi maso angawa akugula ketulo madola anayi, n'kudzaigulitsa dola imodzi kwa mayi wina amene ali mwana ankasanza m'basi mwawo.

"Bizinesi yanji imeneyi, aneba?" ndinawafunsa.

"Iii, a Arlene, mwana uja wandiuza kuti bambo ake ali m'chipatala. Ndikanamvera kuti?"

Ine ndimakhala moyang'anizana nawo, ndipo mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Magalimoto a ogula ankaponda kapinga wanga. Tsiku lina wina anagwetsa maluwa anga pobwerera m'mbuyo. Sindinapite kukawauza a Merle. Ndinaimba foni ku ofesi ya tauni, osatchula dzina langa.

Kalata inafika mu Julayi. Tsoka lake a Merle anabwera nayo kwa ine, poti ndinagwirapo ntchito kubanki ndiye amati ndimamva chilankhulo cha m'maofesi. Ndinawawerengera titaimirira pakhonde. Nyumba imodzi imaloledwa kugulitsa zakale katatu pachaka. Ukapitirira apo, makamaka ukamachita kugula n'kugulitsanso, ndiwe wamalonda: pamafunika laisensi ndi msonkho pa chilichonse, ndipo malonda otere saloledwa pakati pa nyumba zogona.

"Msonkho si nkhani, ndipereka. Akufuna zingati?"

"Sakufuna ndalama zanu, aneba. Akuti mutseke."

Anaipinda kalata ija pang'onopang'ono mpaka inasanduka kanthu kakang'ono.

"Ndiye Loweruka anthu amatani?"

Sankaseka ayi, ankafunsadi. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire, koma za foni ija sindinaulule.

Loweruka lotsatira ndinasuzumira pazenera m'mawa. Galaja linali lotseka. A Merle anali atakhala panja pampando wopinda, chipewa kumutu, pambali pawo chimphika cha khofi wokwana anthu makumi awiri. Magalimoto ankachepetsa liwiro, n'kupitirira. Iwo ankakwezera dzanja galimoto iliyonse.

Ndinapirira mpaka naini koloko. Kenako ndinawoloka msewu ndi masilipasi omwe.

"Foni ya ku ofesi ya tauni ija ndinaimba ndine," ndinatero. "Chifukwa cha maluwa."

Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Ofiira aja? Pepani, mayi. Bwenzi mutangondiuza, ndikanamanga chingwe."

Bola akanandilalatira. Pepani ameneyo anandipweteka, moti ndinayankha mokalipa.

"Tamverani. Lamulo likuti nyumba imodzi katatu. Ine chaka chino sindinagulitse. A Hoekstra sanagulitse, mayi Zylstra nawo galaja lawo ladzaza, galimoto imagona panja. Msewu uno uli ndi nyumba khumi ndi ziwiri. Katundu akhala wathu, inu muzingokhala kutsogolo n'kumalongolola. Nyamulani matebulo, mukuyamba ndi kwanga."

"Lero lomwe?"

"Nanga khofi yenseyu amwa ndani?"

Anadzuka n'kunyamula chimphika chija, khofi akutayikira pansapato. Ine ndinatsogola kukatsegula galaja langa, ndikudzifunsa kuti kodi ndigulitsa chiyani. Nditacheuka ndinawaona ataima pakati penipeni pa msewu, chimphika atachikhazika pansi, akuimitsa galimoto ndi manja onse awiri.

"Imani, imani! Sitinatseke ayi! Lero tili kwa a Arlene!"