Kadontho Kokhala ndi Mchira

Ntchito yanga yoyamba yolandira malipiro a pamwezi ndinaipeza nditapitirira zaka makumi atatu, ndipo ndinaipeza chifukwa cha wotchi. Nthawi imeneyo ndinkakonza mawotchi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina paboma la Mchinji. Fodya anali atandikana zaka ziwiri zotsatizana kwathu kwa Dambe, choncho katebulo ka pakhondepo ndiko kanali munda wanga.

Tsiku lina kunabwera bambo ena aatali, aimvi, oyenda mowongoka ngati ali pa perete. Anavula wotchi yawo yakale n'kundipatsa, koma sanachoke. Anaima pomwepo kuyang'ana momwe ndinkayalira tisikuluu pansalu yoyera, koyamba kuchotsa kumanzere, komaliza kumanja. Nditatseka wotchiyo anaiika kukhutu.

"Inu, mfuti munaigwirapo?"

Ndinati ayi.

"Ndiye bwino. Amene anaigwirapo amavuta kuwaphunzitsa."

Awa anali Bambo Jere a kwa Zulu. Anagwira upolisi zaka zambiri monga wosunga ndi kukonza mfuti, ndipo atapuma analembedwa pa esiteti ina cha ku Kachebere, kufupi ndi malire a Zambia. Pa esitetipo panali ng'ombe, ndipo akuba ankavuta. Panali mfuti zachilolezo, zazitali ziwiri ndi mapisito awiri, zonse m'manja mwa Bambo Jere. Ankafuna munthu wa manja osanjenjemera. Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito.

Tinkagwirira m'kachipinda ka chitseko chachitsulo kuseri kwa ofesi. Munali benchi limodzi, sefa, zenera laling'ono, ndi fungo la oilo limene mpaka lero ndikalimva ndimatembenuka kuyang'ana Bambo Jere. Lamulo loyamba linali la kuonetsetsa kuti mfuti ilibe chipolopolo. Kuchotsa magazini yosungira zipolopolo, kukokera chitsulo chapamwamba m'mbuyo, kusuzumira, kenako kulowetsa kachala kakang'ono. "Muyang'ane, kenako mupapase," ankatero. "Diso lokha musamalikhulupirire." Ankachita zimenezi ngakhale pa mfuti imene aiika pansi okha mphindi yomweyo.

Sankalankhula zambiri, inenso sindinali wolongolola, choncho tinagwirizana. Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo ndi chinangwa chawo, ine ndi mtedza, n'kumasinthana. Kamodzi kokha ndi pamene anatchula za kupuma ntchito. Anati, "Mbewe, tsiku limene maso awa adzandiname, ndidzanyamula chikwama changa ndekha. Sindidzadikira kuuzidwa."

M'chaka changa chachiwiri, a Mayi Nkhoma, amene ankayang'anira esitetiyo, anaitanitsa zipangizo ziwiri kwa wogulitsa wina wa ku Lilongwe. Bambo Jere ankazitcha masaiti. Saiti yamtunduwu ndi kagalasi kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kamene kamamangidwa pamwamba pa pisito. Kababu kakang'ono kamaponya kadontho kofiira pagalasipo. Zikakhala kuti zachunidwa bwino, pamene pali kadonthopo ndi pamene chipolopolo chikagwere. Moyo wawo wonse Bambo Jere ankalunjika ndi timano tachitsulo ta pamfuti, ka kutsogolo kulowa pakati pa ta kumbuyo. Zatsopanozi anazilandira mokayika, koma sanakane. A Mayi anatipatsa mwezi umodzi kuti tiziyese, tisankhe mtundu umodzi woika pa mapisito onse awiri.

Saiti yoyamba inali yotseguka: galasi limodzi, kababu pamtunda. Inali yopepuka, zenera lake lotakata, kadontho kosavuta kukapeza ukakweza mfuti. Koma batire lake linali pansi, moti kuti ulisinthe unkayenera kumasula saiti yonse, n'kuyambiranso kuchuna. Yachiwiri inali yotsekeka ngati bokosi la machesi, galasi kutsogolo, galasi kumbuyo, kababu m'kati. Inali yolemererapo, zenera lake lopanikizika, koma batire linkalowera cham'mbali.

Kumanga kwake kunali ntchito yanga. Ndinkapukuta mabowo ndi sipiriti, kudontheza guluu wabuluu pang'ono pa sikuluu iliyonse, n'kumamanga mosinthana, iyi pang'ono, iyo pang'ono, kuti saiti isapendekeke. Ndikamaliza ndinkalemba kamzere ka utoto wa zikhadabo kuchoka pamutu pa sikuluu kufika pachitsulo. Utotowo ndinatenga wa mkazi wanga. Kamzereko kakaduka, udziwe kuti sikuluu yasuntha.

Kuchuna tinkachitira kuseri kwa chulu chachikulu, kumapeto kwa dambo. Bambo Jere ankatsamiritsa manja pathumba la mchenga, n'kuwombera katatu papepala la chandamale. Ine ndinkapita kukaona pamene zagwera, n'kubwera kudzapotoza tisikuluu tochunira, ka pamwamba kokweza ndi kutsitsa, ka m'mbali kopititsa kumanja kapena kumanzere. Kalikonse kamalira pang'ono ukapotoza, ndipo tinkawerenga kulirako mokweza, tonse awiri, ngati ana a sukulu.

Mavuto ang'onoang'ono tinkawathetsa mosangalala. Kadontho ka saiti yotsekeka kankathima mfuti ikalira, n'kuyakanso. Ndinapeza kuti kachitsulo kopanikiza batire kanali kolefuka, ndinakakweza pang'ono ndi nsonga ya singano, basi. Tsiku lina zipolopolo zinayamba kuthawira kumanja, ndipo kamzere kanga ka utoto kanatiuza sikuluu yolakwa. Saiti yotseguka inkavutika ndi fumbi: kanthu kakagwera pakababu, kadontho kankasweka n'kukhala tatatu. Tinkakapemerera ndi kampira kopopera mpweya kamene ndinkagwiritsa ntchito pa mawotchi.

Koma panali vuto limodzi limene silinkachoka.

"Kadonthoka kali ndi mchira," anatero Bambo Jere tsiku loyamba lomwe. "Ngati mbewa. Ndilunjike ndi mutu kapena mchira?"

Ndinalandira pisito, ndinapapasa, ndinasuzumira. Kadonthoko kanali kozungulira ngati mkanda. Ndinati, "Mwina kuwala kwachuluka, bambo." Ndinachepetsa. Iwo anati mchira wafupika, koma ulipo. Titayesa saiti yachiwiri, anapezanso mchira.

Ndinayamba ndakayikira diso langa. Masana ena ndinatsala ndekha m'kachipindamo, ndinajambula kadonthoko ndi foni. Pachithunzi kanali kozungulira. Mawa lake ndinamasula saiti imodzi, ndinaigwira m'manja patsogolo pawo ngati ndikungofuna kumvetsa.

"Mchira uli mbali iti, bambo?"

"Kumanzere, chapansi."

Ndinaitembenuza chagada. "Nanga pano?"

"Pomwepo. Sunasunthe."

Vuto likanakhala m'galasi kapena m'kababu, mchirawo ukanatembenuka limodzi ndi saiti. Sunatembenuke. Unali m'diso lawo. Pomwepo ndinakumbukira zambiri zimene ndinkaziona osaziwerengera: kuti sikuluu ikagwa pansi ankati ndiitole ndine, kuti makalata onse ankandipatsa kuti ndiwawerengere, kuti wotchi yawo ija ankaipendeketsa kuzenera asanatchule nthawi. Timano tachitsulo sitinkawaulula, chifukwa manja awo ankaidziwa ntchitoyo okha. Kadontho kowalako ndiko kanabwera kudzaulula.

Sindinanene kanthu. Kwathu munthu sauza bambo a msinkhu wa atate ake kuti maso awo akutha. Umadikira azindikire okha, kapena umauza mnzawo wa msinkhu wawo kuti akawanong'oneze. Pa esitetipo panalibe wa msinkhu wawo. Komanso ndinkakumbukira mawu a pansi pa mango aja, ndipo sindinkafuna kuona chikwamacho chikunyamulidwa. M'mawa uliwonse ndinkafika msanga n'kuchepetsa kuwala kwa masaiti onse, kuti mchira ufupike. Ndinkadziuza kuti umenewo ndi ulemu.

Mwezi utatha, Bambo Jere anati tilembe kalata yobweza zipangizozo. Iwo ankanena m'Chichewa, ine n'kumalemba m'Chingelezi changa cha kusekondale. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti masaiti onse awiri ndi owonongeka, kadontho sikozungulira. Iwo anasaina. Ndinkaganiza kuti katunduyo abwezedwa mwakachetechete, tibwerere ku timano tachitsulo, nkhani ithe.

Wogulitsa uja sanalandire katunduyo. Anabwera yekha.

Linali Lachinayi, mu Okutobala, dzuwa litakwera kale. Anafika pagalimoto yodzaza fumbi, munthu wansangala, wolankhula mofulumira. A Mayi Nkhoma anati tonse tipite kuchulu kuja, ndipo alonda asanu amene anali pa ntchito anatsatira. Bambo Jere anali atasita malaya awo mpaka mizere kuima.

Wogulitsayo anasuzumira mu saiti yoyamba, kenako yachiwiri. "Zili bwinobwino izi, mayi."

"Muyang'anenso," anatero Bambo Jere. "Mfuti ndinayamba kuzigwira inu musanabadwe."

"Sindikukana, madala. Koma dikirani."

Anatulutsa foni. Ndinadziwa chimene akufuna kuchita, chifukwa ndinali nditachichita kale ndekha. Ndikanatha kulankhula pamenepo, kupempha kuti tikaonere kuofesi. Anajambula, anakulitsa chithunzicho ndi zala, anaonetsa a Mayi, kenako anachizunguliza kwa alonda onse.

"Mwaona? Kozungulira ngati ndalama. Vuto si saiti, madala, ndi maso anuwa. Zimachitika. Pitani kuchipatala akakupimeni."

Sananene mwachipongwe. Kwa iye inali nkhani yaing'ono ya tsiku ndi tsiku. Koma mlonda wina anaseka, kamodzi kokha, n'kudzigwira pakamwa.

Bambo Jere sanayang'ane foniyo. Anatembenukira kwa ine.

"Mbewe, inu mumaona chiyani?"

"Kozungulira, bambo."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga pisito pathumba la mchenga, anachotsa magazini, anakokera m'mbuyo, anasuzumira, analowetsa kachala. Kenako anandipatsa, chogwirira chili kwa ine. Anapepesa wogulitsayo chifukwa cha ulendo wautali, anapepesa a Mayi chifukwa cha kalata, n'kuyamba kuyenda kubwerera kuofesi, mowongoka monga mwa masiku onse.

Ndinawapeza m'kachipinda kathu atakhala pabenchi. Ndinatseka chitseko. Ndinayamba kufotokoza za ulemu, koma anakweza dzanja.

"Mukanandiuza muno, chitseko chili chotseka chonchi, ndikanakukalipirani tsiku limodzi. Mawa lake ndikanapita kuchipatala. Ndipo mwaganizapo kuti mwezi wonsewu ndakhala ndikuwombera, inu mukupita kukaima pafupi ndi chandamale?"

Zimenezo sindinaziganizepo.

A Mayi Nkhoma sanawachotse ntchito. Anawapempha kuti akhale, anati galimoto ya pa esiteti iwatengera kuchipatala cha maso. Kuchipatala anapitadi. Anawapeza ndi ng'ala yongoyamba kumene, ndipo patapita miyezi anawachita opaleshoni, anayambanso kuona bwino ndi magalasi. Koma ntchito anasiya pakutha pa mwezi womwewo. Maso anachira, koma kuseka kwa mlonda kuja sikunachoke. Tsiku lomaliza anandipatsa makiyi a sefa, anandifunsa saiti imene ndasankha. Ndinati yotsekeka, chifukwa cha fumbi la kuno. Anati, "Inenso ndikanasankha yomweyo."

Ndinkapita kukawaona kwa Zulu panjinga, makamaka Loweruka. Ankandilandira bwino, ankatuma adzukulu kukathyola mango, ankafunsa ngati ndikulembabe kamzere ka utoto. Za tsiku lija sitinazitchulenso. Komabe kukhala chete kwathu sikunalinso ngati kwa pansi pa mango kuja. Kale tinkakhala chete chifukwa panalibe chofunika kunena. Tsopano panali chinthu chimene tonse tinkachilambalala. Anamwalira dzinja lapitalo. Wotchi ija anaikidwa nayo, nditaipukuta komaliza ndine.

Ntchito ndikugwirabe, m'kachipinda komweko. Anthu a mfuti zachilolezo a mbali ino amandibweretsera masaiti awo. Munthu akati kadontho kakuthima, ndimayamba ndi batire ndi kachitsulo kake. Akati zipolopolo zikuthawa, ndimayang'ana masikuluu. Akati kadontho kasweka, ndimapemerera kababu. Koma akati kali ndi mchira, kapena kakuoneka ngati nyenyezi, ndimayamba ndatulutsa aliyense amene wabwera naye. Ndimatseka chitseko, ndimatembenuza saiti m'manja, n'kumuuza zoona tsiku lomwelo, kaya ndi wamkulu bwanji. Ena amakwiya. Ndinaphunzira kuti mkwiyo wa m'chipinda chotseka umatha msanga.

Mwezi wathawu ndinkachuna saiti ya pisito yathu ina. Nditasuzumira, kadonthoko kanali ndi kamchira kakang'ono, kumanja, chapamwamba. Ndinapukuta galasi. Ndinachepetsa kuwala. Kenako ndinadzigwira, ndinamasula saitiyo, ndinaitembenuza chagada. Kamchirako sikanasunthe.

Ndinakhala pabenchi, mbali imene Bambo Jere ankakhala, kwa kanthawi. Ndinalakalaka akanakhalapo kuti ndiwauze iwo poyamba. Ndikudziwa kuti sakanaseka. Akanangoti, "Mbali iti?"

Kenako ndinatseka sefa, ndinapita kuofesi, ndinauza a Mayi Nkhoma kuti Lolemba sindibwera, ndikupita kukapimitsa maso.