Mayi amene anasoka sanza za kapolo

Mayi a kuseri kwathu ku Glen Norah sangaone chong'ambika n'kuchisiya. Singano imakhala pa duku lawo nthawi zonse. Mukayanika malaya othothoka batani, madzulo muwapeza ali ndi batani, la mtundu wina koma lolimba. Amati, "Kuno amatitcha obwera, tisawapatsenso chotiseka nacho."

Chaka chatha mwana wanga Bushra anasankhidwa kukhala kapolo m'sewero la kuyunivesite, pa tsiku lokumbukira kutha kwa ukapolo. Anang'amba dala diresi lakale, kulipaka dothi, n'kulikoleka pa mpanda. M'mawa wa tsikulo mayi aja anabwera nalo lochapa, losoka, losita, ataikanso kolala ya lesi.

Bushra anagwira mutu. "Mayi, mwandipha! Ine ndikukakhala kapolo!"

"Mwambowo ndi wachiyani?"

"Wokumbukira kuti ukapolo unatha."

"Ngati unatha, sanza uvaliranji? Makolo ako anavala zokwanira m'mafamu a azungu."

Kombi inali ikuliza hutala, ndiye Bushra anangopita choncho. Pa siteji anzake onse anali m'masaka, iye yekha ali mu lesi. Nditawaonetsa chithunzi, mayi aja anapukusa mutu.

"Ana enawa amayi awo ali kuti?"