Anayi Kumbuyo kwa Alamu

M'zaka za Chitaganya, Chipata akadali Fotijemisoni, ndinali ndi ngolo ndi ng'ombe zinayi. Ndinkatuta mtedza wa bungwe la alimi a kwathu, kuchokera m'midzi ya ku Madzimoyo kupita ku shedi ya m'tauni. Wopereka ntchito imeneyo anali pulezidenti wa bungwelo. Akakukonda, ngolo yako inkayenda. Akakuda, ng'ombe zako zinkangonenepa m'khola.

Chaka china nthawi yosankhanso pulezidenti inakwana, ndipo anaima anthu awiri. Woyamba anali mwini mpandowo, mphunzitsi wakale wa ku mishoni, munthu wa njinga ndi jekete, wodziwa Chingerezi. Sindiwanenera zoipa. Ntchito ankaidziwa. Wachiwiri anali alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, amene sukulu analekeza Sitandade 3 ngati ine.

Alamu anali ndi nkhani imodzi yokha. Khadi la bungwe linkalembedwa m'dzina la mwamuna basi, pamene amuna ambiri anali ku Halale ndi kumigodi. Olima anali akazi awo ndi amayi amasiye. Mkazi akakolola ankapita kukabwereka khadi kwa mwamuna wina kuti agulitsire mtedza wake, ndipo zimene ankakumana nazo kumeneko tonse tinkazidziwa. Alamu ankati wogwira khasu ndiye agwirenso khadi. Koma okondwa ndi mawu amenewa analibe voti, ndipo a voti anali obwereketsa makhadi omwewo.

Kutatsala masabata awiri, aliyense ankaona kumene zinthu zikupita. Pamowa anthu ankawatcha alamu pulezidenti wa azimayi, namawafunsa ngati duku agula kale. Amene anawalonjeza poyamba anayamba kupatuka akawaona panjira.

Kusankha kwathu kunalibe bokosi. Opikisana ankaima pabwalo la shedi atayang'ana khoma, ndipo anthu ankandanda kumbuyo kwa yemwe amufuna. Woimayo sankaloledwa kucheuka mpaka mzungu wa zaulimi atamaliza kuwerenga. Munthu ukagonja, unkagonja pamaso pa mudzi wonse, iwe mwini n'kukhala womaliza kudziwa.

Aphunzitsi aja anandiitana kunyumba kwawo. Anandipatsa tiyi. Anati ndikauze alamu achotse dzina, iwo adzawapatsa mpando wachiwiri, ndipo palibe adzachite manyazi. Za ngolo sanatchule. Anangofunsa kuti ng'ombe zanga zili bwanji chaka chino. Ndinamva.

Ndinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Alamu ndinawapeza pakhonde, mlongo wanga akuswa mtedza chapafupi. Sindinazungulire.

"Alamu, chotsani dzina. Mudzaima nokha ngati chitsa m'munda."

"Ndikudziwa," anatero.

"Nanga mukulimbikira chiyani?"

Anandikumbutsa lamulo limene inenso ndinkalidziwa. Woima akakhala mmodzi, mizere sikhalapo. Mzungu amangolemba kuti onse agwirizana, pepala n'kupita ku boma.

"Chitaganya chinabwera bwanji?" anandifunsa. "Inu anakufunsani? Ine sanandifunse. Koma tinamva kuti tavomera. Ndikaima, ngakhale ndekha, alemba kuti tinali awiri, alembanso chimene ndinaimira. Wina akadzaiyambanso nkhaniyi, asadzamuuze kuti palibe anainenapo."

Ndinawauza za mpando wachiwiri. Anaseka pang'ono, nati amayi aja anabwera okha pakhonde lomwelo, iwo n'kuwalonjeza ndi pakamwa pawo. Anafunsa ngati ndingapite ine kukawauza kuti mawu awo asinthanitsidwa ndi mpando. Ndinati kumeneko n'kunyada. Anavomera kuti mwina kunyada kulipo ndithu, pakuti munthu ukasekedwa kwambiri kubwerera kumavuta kuposa kupitirira.

Mlongo wanga analankhula osadzutsa mutu. "Achimwene, mwabwera ngati mlongo wanga kapena ngati mwini ngolo?"

Pondiperekeza, alamu anati sakundipempha kuti ndidzaime kumbuyo kwawo, popeza ndili ndi ana. Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa onse.

Tsikulo linafika m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Akazi anabwera ambiri ngakhale sanaitanidwe, nakhala pansi pa mitengo ya mango. Awiriwo anaima n'kuyang'ana khoma. Kalaliki anaimba belu. Mzere wa aphunzitsi unakula mpaka unakhotera kumsewu. Kumbuyo kwa alamu kunali fumbi lokha. Ine ndinatsalira pa ngolo yanga, ngati ndikukonza goli.

Kenaka mkulu wina wa mpingo, wokalamba, wovutika kumva, anayenda ndi ndodo yake nakaima kumbuyo kwa alamu. Wina anafuula kuti, "Agogo, mwasochera, mzere uli kuno." Mkuluyo anayankha kuti makutu ndiwo anafa, maso akadalipo. Anthu anaseka kwambiri.

Ndinayang'ana khosi la alamu. Thukuta linkatsikira m'kolala ya malaya amene mlongo wanga anasita ndi makala m'mawa umenewo. Iwo sankadziwa chimene anthu akuseka. Kwa iwo kukanatheka kuti akusekedwa chifukwa kumbuyo kulibe munthu. Sanacheuke, ngakhale kugwedeza phewa.

Ndinasiya goli n'kupita. Ndinene zoona: sindinapite chifukwa cha makhadi. Pa nthawiyo inenso ndinkaganiza kuti khadi m'manja mwa mkazi lidzabweretsa ndewu m'mabanja. Ndinapita chifukwa munthu wolimba chotero sasiyidwa ndi nkhalamba imodzi, mlamu wake ali pomwepo. Podutsa ndinaona mlamu wa aphunzitsi, amenenso anali ndi ngolo, akumwetulira. Pambuyo panga panabwera amuna ena awiri, amene alongo awo anali amasiye. Tinakwana anayi.

Mzungu anawerenga mzere wathu ndi chala, osayandikira n'komwe. Wa aphunzitsi unamutengera nthawi. Atamaliza analola awiriwo kutembenuka. Alamu anatiyang'ana mmodzimmodzi. Sanathokoze. Anapita kwa aphunzitsi nawagwira chanza ndi manja awiri, kenaka anapempha kalaliki kuti awerenge mokweza zimene walemba. Kalaliki anayang'ana mzungu, mzungu anavomera ndi mutu. Kalalikiyo anawerenga kuti oima anali awiri, natchula manambala. Alamu anati pakusowa mawu, sanalembe za makhadi a akazi. Anthu anang'ung'udza kuti njala yawapweteka, koma alamu anaima pomwepo mpaka kalaliki analemba mzere umenewo, nauwerenganso. Akazi pansi pa mango onse anamva.

Chaka chotsatira mtedza unatutidwa ndi ngolo ya munthu wina. Ine ndinatuta njerwa ndi nkhuni za ku Nabvutika zaka ziwiri, ndipo sitinagone ndi njala. Makhadi a akazi anadzaloledwa patapita nthawi, atawalimbikira anthu ena ophunzira, ndipo pa msonkhano umenewo dzina la alamu silinatchulidwe. Iwo anali kumunda tsikulo. Nditawauza madzulo ake, anangofunsa ngati mkulu wa mpingo uja akadali moyo kuti akamuuze. Anali atamwalira.