Kilatchi ya Mudiri

Fungo la girizi losakanikirana ndi sanitayiza limandibwezera ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha, m'nyumba yathu ya pansanjika yachinayi, m'chilimwe cha korona. Ndinali ndi zaka khumi. Mawindo ankakhala otseka tsiku lonse chifukwa mpweya wa kunja unkawotcha ngati wochokera mu uvuni, ndipo eyakoni yakale ya pabalaza inkadontheza madzi m'beseni lobiriwira. Msewu wa pansi, umene kale unkadzaza magalimoto ndi utsi wa nkhuku zowotcha m'malesitilanti, unali zii. Ukasuzumira pakatani unkangoona amphaka atabisala kunsi kwa magalimoto, ndi anthu a njinga zamoto operekera zakudya.

Amami anali namwino. Matenda atachuluka anawasamutsira ku wodi ya odwala korona, ndipo ankagona ku hotela ina pamodzi ndi anamwino anzawo, kuopa kutibweretsera matenda. Tinkangowaona pafoni, nkhope itadindika mizere ya masiki pamphuno ndi m'masaya. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi adadi.

Adadi anali makaniko pa kampani ina yobwereketsa tigalimoto tothamanga pamchenga kwa alendo okacheza ku chipululu. Chiyambire kukumbukira kwanga ankagona ku kampu ya kampaniyo kuchipululu komweko, kunyumba n'kumabwera Lachisanu lokha, mwinanso kudumphitsa. Alendo atasiya kubwera kampu inatsekedwa. Kwa nthawi yoyamba ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kuwapeza m'khitchini akukazinga mazira, atavala kabudula. Ankandiluka tsitsi mokhotakhota, ankakhala pambali panga ndikamaphunzira pakompyuta, akuwodzera. Sindinauze munthu aliyense, koma mumtima korona ndinkaikonda, ngakhale ndinkadziwa kuti kutero n'kulakwa.

Tsiku lina adadi anaitanidwa ndi mwini kampani, amene ankangomutchula kuti mudiri. Anabwerako atanyamula chinthu cholemera chokutidwa m'thaulo lakale. Anayala manyuzipepala patebulo lodyera n'kuchiikapo. Chinali chitsulo chozungulira, chachikulu ngati mbale ziwiri zovundikirana, chakuda ndi fumbi la lamba wa injini. Anati ndi kilatchi ya sinomobilo, njinga yamoto yopangidwira kuyenda pa sinowo kumayiko ozizira. Ndinaseka, poti ku Doha ngakhale mvula imasowa. Koma mudiri anali ataigula kunja kuti azikwera nayo mapiri a mchenga, ndipo ankaikonda kuposa magalimoto ake onse. Vuto lake linali limodzi: injini ikamalira pang'onopang'ono, kilatchi inkachita phokoso ngati timiyala m'chitini. Anzake a mudiri ankamuseka nalo phokosolo.

Kuyambira tsiku limenelo tinkadyera pansi, pakapeti. Adadi anaimasula kilatchi ija chidutswa ndi chidutswa, n'kundanda zonse pamanyuzipepala: sipuling'i yaikulu, timikono titatu tolemera, mabawuti, mawashala. Anandionetsa pamene panali vuto. Mkati munali chitsulo cha miyendo itatu, ndipo mwendo uliwonse unali ndi tibatani tiwiri tapulasitiki totsetsereka pakhoma la chitsulo chinzake. Mchenga unali utatidya tibatanito, n'kusiya mpata wopyapyala ngati pepala. Anagwedeza ndi dzanja kuti ndimve, gwede gwede. "Chitsulo chikapeza mpata chimalankhula," anatero. Mankhwala ake anali tibatani tatsopano, ndi timapepala tachitsulo toika kumbuyo kwake kuti mpata utsekeke, koma osathina mpaka kukanirira.

Tibatanito ku Doha kunalibe. Anaitanitsa kunja, ndipo ndege zinali zochepa. Tinadikira milungu yambiri. Mudiri ankaimba foni pafupipafupi, ndipo ndinaona kuti adadi akamalankhula naye ankaimirira, ngakhale munthuyo sankawaona. Mawu awo ankachepa. Ankangoti inshallah, mudiri, inshallah.

Masiku omwewo ana ena a m'kalasi mwathu anayamba kusowa. Pakompyuta nkhope zathu zinkaoneka m'timabokosi, ndipo sabata iliyonse kabokosi kena kankazima. Aphunzitsi ankangoti bambo ake ntchito yatha, abwerera kwawo. Mnzanga wapamtima, mtsikana wa ku Kenya, anatsala ndi mayi ake okha bambo ake atakwezedwa ndege. Anandiuza kuti sanawaperekeze n'komwe ku bwalo la ndege.

Envulopu ija inafika Lolemba masana. Adadi anaipopera sanitayiza, n'kukhuthulira m'sosala tibatani toyera sikisi, kalikonse kochepa ngati ndalama yachitsulo. Anatiwerenga kawiri. Kenako anaimbira mnzawo wina wa ku Malawi amene ankayendetsa basi, ndipo ine ndinali kuchipinda, chitseko chili chotsegula. Ndinamva mawu awo akusekerera, mmene ndinali ndisanawamvere kwa nthawi yaitali.

"Achimwene, zafika. Lachinayi ndikampatsa chinthu chake, khalasi, basi zatha. Ndikuchoka ine, sindidzabwereranso."

Ndinakhala pabedi. Ndinaganiza za mnzanga uja, ndi za nyumba yathu ili ndi ine ndekha, amami ali ku hotela. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankanena akuseka. Atatsika kukagula buledi pa shopu ya pansi, ndinapita patebulo, ndinatola kabatani kamodzi, n'kukaponya m'nsapato yanga ya sukulu imene inali kunsi kwa bedi chitsekereni sukulu. Maganizo anga anali achidule: kilatchi ikapanda kutha, adadi sachoka.

Anazindikira Lachiwiri m'mawa. Ndinali pa phunziro la masamu pamene ndinamva sosala ikugogoda patebulo. Anawerenga, anasuntha manyuzipepala, anawerenganso. Anagwada n'kuyamba kupapasa kapeti ndi zikhato. Anakoka sofa, anakoka firiji, anakhuthula thumba la makina opopera fumbi pabafa n'kumafufuza ndi zala. Kenako anaima pakhomo pa chipinda changa, fumbi lili m'mikono mpaka m'zigongono, n'kundifunsa modekha ngati ndinaona kabatani koyera. Ndinati ayi, maso ali pakompyuta. Anaima pang'ono, n'kubwerera.

Tsiku limenelo sitinadye chamasana. Anamasula paipi ya kunsi kwa sinki, ndipo m'nyumba munadzaza fungo la madzi owola. Anayesa kusema kabatani kena kuchokera pa thabwa lapulasitiki limene amami ankadulirapo anyezi, koma atakapala ndi fayilo kwa ola lathunthu anakaponya pansi. Anati kangasungunuke injini ikangotentha, ndipo kilatchi ikagwira ili pa liwiro ikhoza kuvulaza munthu. Anayesa kuika kabatani kakale pamalo pake, nagwedeza. Gwede gwede anali pomwepo. Mudiri anaimba madzulo dzuwa lisanalowe. Adadi anaimirira. Anati zonse zili bwino, Lachinayi abwera nayo.

Nthawi iliyonse ndikalowa kuchipinda ndinkaona nsonga ya nsapato ija ikusuzumira kunsi kwa bedi, ndipo ndinkaikankhira mkati ndi phazi. Amami ataimba ndinalankhula nawo mawu awiri okha. Anafunsa ngati ndikumva kutentha thupi.

Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, adadi anavala masiki ndi magolovesi a amami n'kutsika. Ndinawaonera pawindo. Kuseri kwa nyumba yathu kunali migolo ikuluikulu ya zinyalala za anthu a m'nyumba zitatu zosanja. Anatulutsa matumba limodzilimodzi, kumasula, kufufuza, kumanganso. Nthawi imeneyo ngakhale anthu omanga nyumba ankaletsedwa kugwira ntchito panja chifukwa cha kutentha. Malaya awo anada ndi thukuta mpaka m'chiuno. Mlonda wa nyumba yoyandikana anatuluka n'kuwalankhula, akuloza kumwamba, koma iwo anangopukusa mutu. Ndinawerenga matumba mpaka ndinasokoneza.

Atabwera sanafike n'komwe pasofa. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, msana atatsamira khoma, akupuma mwabefu, milomo itayera. Kupuma kumeneko ndinali nditakumvapo, kumbuyo kwa mawu a amami tsiku lina ataimba ali kuwodi. Ndinawabweretsera madzi, koma kapu inkagunda mano awo. Apo m'pamene ndinathamangira kuchipinda. Sindinathe kukatulutsa kabataniko ndi dzanja langa, choncho ndinabwera ndi nsapato yonse n'kuiika pamiyendo pawo.

Anaipendeketsa, kabatani n'kugwera m'chikhato. Ndinadikira kukalipiridwa, mwinanso khofi, ngakhale anali asanandimenyepo. Anangofunsa, mawu atasasa, kuti chifukwa chiyani.

"Munati mukuchoka. Munati simudzabweranso."

Anatseka maso. Kenako anandikokera pafupi, fungo la zinyalala lili thupi lonse.

"Tadala, ndikuchoka kwa mudiri. Ndapeza ntchito ku galaja ya mabasi, konkuno m'tauni. Ndizigona muno tsiku lililonse."

Anagona pansi pomwepo kwa ola limodzi, thaulo lonyowa lili pamphumi. Atadzuka anasamba n'kukhala patebulo. Anadula timapepala tachitsulo ndi sizasi, kuika, kuyesa, kuchotsa kamodzi, kuyesanso, mpaka chitsulo cha miyendo itatu chija chinkatsetsereka chokha mosagwedera. Anandipatsa kuti ndigwedeze. Sichinalankhule.

Lachinayi ananditenga, poti panalibe wondisiyira. Nyumba ya mudiri inali ku Fereej Al Murra, ya mpanda wautali woyera, ndipo wantchito wamkazi ankathirira maluwa atavala masiki. Sinomobilo inali m'galaja, yofiira, kumbuyo kwake kutakwezedwa pamatabwa. Ndinatsala m'galimoto, windo litatsitsidwa pang'ono. Adadi anamangirira kilatchi, anabwezera lamba, n'kupukuta manja. Mudiri anatuluka atavala mkanjo woyera, munthu wamfupi kusiyana ndi mmene ndinkamuganizira. Injini inalira mwamphamvu, utsi wabuluu n'kudzaza galaja, kenako inatsika n'kumalira pang'onopang'ono. Kunkamveka injini yokha.

Mudiri anawerama, khutu pafupi ndi chitsulo, kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Anazimitsa, analizanso, anamvetseranso. Kenako anaweramuka n'kulankhula mawu ochepa amene sindinamve, akugwedeza dzanja ngati wothamangitsa ntchentche. Adadi anawerama pang'ono n'kubwera. Tinayenda misewu iwiri, kenako anaimitsa galimoto pambali, anaika mutu pachiwongolero, n'kukhala choncho. Patapita mwezi anayamba ntchito ya mabasi. Amami anabwerera kunyumba nyengo yozizira itayandikira, ndipo za nsapato ija sanamve kwa adadi.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti ndi mmene dziko lilili: munthu amakonza chinthu cha bwana wake, bwanayo n'kumulola kupita. Ndinadzamva nditakula kuti m'miyezi yomweyo lamulo linali litangosintha, ndipo wantchito sankafunikanso kalata ya bwana kuti asinthe ntchito. Adadi ankalidziwa lamulolo. Ankadziwanso anzawo amene analikhulupirira msanga, mabwana awo n'kuwanenera kuti athawa ntchito, ziphaso zawo n'kufafanizidwa nkhani isanamveke. Mudiri anali atawauza kuti phokoso likatha sadzawatsekereza, ndipo pa mawu amenewo m'pamene panatsamira banja lathu lonse. Ndege imene ndinkaiopa ija, ndine amene ndinatsala pang'ono kuwakweza.

Chaka chatha ndinawafunsa adadi ngati ankandikayikira masiku awiri aja. Anali akusenda lalanje, ndipo sanadzutse mutu. Anati m'nyumba tinalimo anthu awiri okha, ndipo iwo ankadziwa kuti sanataye kanthu. Ndinafunsa kuti nanga anatsikiranji ku zinyalala dzuwa lonse lija, m'malo mondifunsa kachiwiri.

"Ndinkafuna kabataniko kakhale kali m'zinyalala," anatero, n'kundipatsa theka la lalanjelo.