Lamba wa Makina a Achimwene

Achimwene anga ndi telala. Kwa zaka makumi atatu akhala akusoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa makina opondera ndi mwendo. Munthu akatama ntchito yawo, iwo amangoluma ulusi n'kunena kuti akachichape kaye chovalacho, akaone ngati adzatamebe.

Chaka chatha anagwa panjinga n'kuthyoka mwendo wakumanja. Anakhala m'chikhakha masabata asanu ndi atatu. Alamu anga anawayalira pabalaza n'kuwaletsa kudzuka. Madzi pomwepo, chakudya pomwepo. Makina tinawabweretsa kunyumba, koma alamu anachotsa lamba wachikopa wozungulitsa gudumu n'kumubisa, poti amuna awo ankawadziwa bwino.

Chikhakha chitachotsedwa, mwendo unatuluka ngati mpini wa tsache. Alamu anati ndiye kuti sanapume mokwanira, n'kuwaonjezera mwezi wina wogona. Achimwene sanatsutse. Anangotenga tepi yawo n'kuyeza akatumba a miyendo: wakumanzere mainchesi khumi ndi anayi, wakumanja khumi ndi imodzi. Patatha masabata awiri anayezanso, n'kupeza kuti onse awiri atsika.

"Uwu sunathyoke," anandiuza atagwira wakumanzere. "Nanga ukupita kuti?"

Tinapita kuchipatala tonse atatu. Mayi wina amene amaphunzitsa ovulala kuyendanso anatikhazika pansi. Anati mnofu ndi timaulusi tambirimbiri, ndipo tsiku lililonse thupi limaphwasula takale n'kuluka tatsopano kuchokera m'chakudya. Chimene chimalamula kuti liluke ndi ntchito: mtsempha umabweretsa uthenga, mnofu n'kukoka cholemera. Uthengawo ukasiya kubwera, kuluka kumachepa koma kuphwasula kumapitirira, ndipo thupi limatenga zomangirazo kukagwiritsa ntchito kwina. Timaulusi timaonda. Kwa munthu wamkulu ngati achimwene, anatero mayiyo, mnofu umatha msanga koma umabwerera monyinyirika, ndipo akapitiriza kugona mwina pamakina sadzakhalaponso.

Achimwene anati ndiye kuti m'mwendomo muli atelala awiri, wosoka wagona, wophwasula ali maso. Mayiyo anavomera. Alamu sanavomere. Panjira anati mayi uja sadzakhalapo tsiku limene amuna awo adzagwenso. Lamba sanamubweze.

Achimwene sanakangane nawo. M'mawa mwake anatsimphina mpaka pamakina, n'kuyamba kuponda chopondera chopanda lamba. Gudumu lam'munsi linkazungulira lokha, singano ili duu. Ataponda kakhumi, mwendo unayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Alamu anafunsa kuti malaya a mphepo akusokawo atha liti. Iwo anati mphepo ndi kasitomala wabwino, sabwera kudzakumbutsa.

Tsiku lililonse ankaonjezera kasanu. Madzi anayamba kukatunga okha kukhitchini, atagwira khoma. Loweruka ankayeza akatumba n'kulemba ndi choko cha nsalu pa chivundikiro cha makina. Masabata atatu oyamba nambala sinasunthe, koma iwo ankailembabe yomweyo pansi pa inzake. Sabata lachinayi inakwera pang'ono. Alamu anati achimwene akukoka tepi mokondera, ndipo kuyambira pamenepo ankayeza ndi alamuwo, atakwinya nkhope ngati wogula nsalu amene sakhulupirira wogulitsa.

Patatha miyezi iwiri, ine ndilipo, alamu anayeza kawiri. Wakumanja unafika mainchesi khumi ndi atatu. Alamu anatenga pilo wa achimwene, n'kumasula msoko wa m'mbali, n'kusolola lamba.

"Mwakhala mukumutsamira miyezi yonseyi, bambo," anatero. Kenako anawaponyera pilo yemweyo. "Yambani ndi ameneyu. Mukakhotetsa msoko, ndimuchotsanso."

Achimwene anakoleka lamba, n'kuthira mafuta, n'kuponda. Singano inayenda osapumira mpaka kumapeto, msoko uli mowongoka. Ndinawauza kuti achita bwino. Iwo analuma ulusi n'kunena kuti yatsala inchi imodzi, ndipo anandituma kukauza mwini sitolo kuti asaikepo katundu pakhonde paja Lolemba.